Wandende Woyamba wa ku Germiston

Amuna ambiri a ku Malawi ndi a kum'mawa kwa Zambia amene anapita ku Joni m'zaka zakale, ena pa Wenela ndi ena pa selefu, awadziwa bwino maina a Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs. Imeneyi ndiyo midzi ya migodi ya golidi yokhala kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera limene Azungu analicha East Rand, ndipo kuyambira caka ca 2000 lichedwa Ekurhuleni, ndiko kunena malo a mtendere m'cinenero ca Ashangani. Pa Germiston ndi pamene njanji zambiri zikomana, kotero kuti alendo osawerengeka anapitirapo ndi mabokosi ao pobwerera kwao. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa kuti m'bwalo la milandu la mudzi umenewu, m'caka ca 1907, munaweruzidwa mlandu waung'ono wa Mmwenye mmodzi, ndi kuti mlanduwo unali ciyeso coyamba ca njira imene pambuyo pace inagwedeza ulamuliro wa Angerezi m'dziko lalikuru la India.

Amwenye ku Natal ndi ku Transvaal

Amwenye oyamba anafika ku Durban m'mwezi wa November, 1860. Eni minda ya nzimbe a ku Natal anasowa anchito, ndipo boma la Angerezi, limene linali kulamulira India ndi Natal yemwe, linawalola kukalemba anthu osauka kutsidya la nyanja. Munthu anali kulembedwa zaka zisanu, wosaloledwa kusiya bwana wace kufikira zakazo zitatha, ndipo wothawa anali kufunidwa ndi apolisi ngati mbala. Onse amene anagwirapo nchito ya cibalo adzauzindikira msanga moyo wotere. Pofika caka ca 1911, pamene kulemba kumeneku kunalekeka, anthu oposa 150,000 anali atawoloka. Pambuyo pao panabwera amalonda, makamaka a ku Gujarat, amene analipira okha ulendo wao natsegula masitolo. Golidi atapezeka ku Witwatersrand m'caka ca 1886, ena a iwo anakwera ku Transvaal nakhala m'midzi yatsopano ya migodi, ena ogulitsa nsaru, ena oyendayenda ndi madengu a zipatso ndi ndiwo zamasamba.

Amalonda Acizungu sanakondwere nao alendowa. M'caka ca 1885 boma la Mabunu linali litaika kale lamulo lakuti Mmwenye sangakhale nzika ya dzikolo, ndiponso sangagule malo kunja kwa madera owapatulira. Pamene Angerezi anagonjetsa Mabunu pa nkhondo ya 1899 kufikira 1902, Amwenye anayembekeza kuti goli lao lidzapepuka, pakuti iwonso anali anthu a Mfumu ya ku England. Koma golilo linanka lilemera.

Wowalankhulira wao anali loya dzina lace Mohandas Karamchand Gandhi. Iye anabadwira ku Porbandar m'caka ca 1869, naphunzira malamulo ku London, nafika ku Durban m'caka ca 1893. Caka comweco anamturutsa m'sitima pa Pietermaritzburg cifukwa ca khungu lace, ngakhale anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. M'caka ca 1903 anatsegula ofesi yace ku Johannesburg, nathandiza kuyambitsa nyuzipepala yochedwa Indian Opinion. Nthawi imeneyo Gandhi sanali mdani wa Ufumu wa Angerezi, ndipo sanali kupempha kuti India adzilamulire. Cimene anafuna ndico cakuti Mmwenye aweruzidwe ndi malamulo omwewo oweruza Mzungu.

Lamulo Lakuda

M'mwezi wa August, 1906, boma la Transvaal linalengeza lamulo latsopano. Nduna yoyang'anira nkhaniyi inali Patrick Duncan, dzina loyenera kulisunga, pakuti lidzamvekanso kumapeto. Lamulolo linati Mmwenye ali yense wa zaka zisanu ndi zitatu kapena kuposapo, mwamuna kapena mkazi, alembetse dzina lace, adinde zala zace papepala, ndi kuyenda ndi citupa masiku onse. Wapolisi akanatha kumfunsa citupaco panjira pali ponse, ngakhale kulowa m'nyumba mwace. Wosalembetsa akanalipitsidwa, kuikidwa m'ndende kapena kupitikitsidwa m'dzikomo. Anthu akuda anali atasenza kale goli la mapasi zaka zambiri; tsopano linafikira Amwenye, amene anaona kuti kudinda zala zonse khumi ndi cinthu cocitidwa kwa mbala ndi ambanda. Cifukwa cace analicha Lamulo Lakuda.

Pa 11 September, 1906, Amwenye ngati 3,000 anasonkhana m'nyumba ya masewero yochedwa Empire Theatre ku Johannesburg. Msilamu wina wacikulire, Haji Habib, anati sikukwanira kungogwirizana pakamwa, koma ali yense alumbire pamaso pa Mulungu kuti sadzamvera lamulolo. Gandhi anawacenjeza kuti lumbiro lotere likhoza kuwatengera ku ndende, ku njala, ngakhale ku imfa, ndi kuti munthu asakweze dzanja cifukwa ca manyazi ndi anzace. Onse anaimirira nalumbira.

Poyamba anayesa njira ya kupempha. Gandhi anapita ku London, ndipo boma la kumeneko linaimitsa lamulolo. Koma m'caka ca 1907 Azungu a ku Transvaal anapatsidwa mphamvu ya kudzilamulira, motsogozedwa ndi Louis Botha ndi Jan Smuts, ndipo m'mwezi wa March nyumba yao ya malamulo inabvomereza lamulo lomwelo, koma akazi anali atacotsedwamo kale. Linayamba kugwira nchito pa 1 July. Maofesi olembera maina anatsegulidwa mudzi ndi mudzi, ndipo pafupi ndi ofesi iri yonse panaima Amwenye odzipereka, akudandaulira anzao kuti asalowe. Anawalangiza kolimba kuti asatukwane munthu kapena kumgwira. Pakutha pa November, mwa Amwenye ngati 13,000 a m'Transvaal, 511 okha ndiwo anali atalembetsa.

Mlandu wa Ram Sundar

Boma linaona kuti liyenera kugwira mmodzi kuti ena aope. Linasankha munthu wa ku Germiston, Ram Sundar, amene anthu anali kumucha Pandit, ndiko kunena mphunzitsi wa cipembedzo ca Cihindu. Iye anali wa maonekedwe olimba mtima ndi wodziwa kulankhula. Anali kuloweza mau a m'mabuku opatulika a kwao, ndipo anacita misonkhano yambiri youza Amwenye a ku Germiston kuti asalembetse. Cilolezo cace cokhalira m'Transvaal cinali citatha, ndipo boma linakana kumpatsa cina. M'masiku oyamba a November anamgwira.

Kufikira tsiku limenelo dzina la Ram Sundar linali kudziwika ku Germiston kokha. Tsopano linamveka m'dziko lonse la South Africa. Pa 14 November, 1907, Amwenye ambiri anadzaza bwalo la milandu, ndipo Gandhi mwini ndiye anaimira wogwidwayo. Woweruza anamlamula kukhala m'ndende mwezi umodzi. Akuru a boma anayembekeza kuona anthu akulira ndi kuthamangira ku ofesi ya zitupa. Koma Amwenye analisandutsa tsikulo tsiku la ulemu, ndipo ambiri anayamba kunena poyera kuti iwonso ali okonzeka kumtsata. Ku ndende ya ku Johannesburg anampatsa cipinda cayekha, nalola abale kumuona ndi kumtengera cakudya. Pa 13 December anaturuka, ndipo khamu la anthu linamlandira ndi kumbveka nkhata za maluwa m'khosi.

Apa ndipo pali cinsinsi ca njira yonseyi. Boma la anthu owerengeka silingathe kulamulira khamu lalikuru ndi mfuti zokha. Lilamulira cifukwa anthu alimvera, ndipo ambiri alimvera cifukwa aopa ndende ndi manyazi ace. Munthu wa ulemu wace, mwini sitolo kapena mkuru wa mpingo, aopa kuti dzina lace lidzaipa. Koma anthu akayamba kuyesa ndende ulemu, cida cacikuru ca boma cabuntha. Likagwira mmodzi, adzipereka khumi. Likagwira onse, ndende zidzala, ndalama za msonkho zithera kudyetsa akaidi, ndipo mbiri ifika ku maiko ena. Ndipo popeza ogwidwawo sanaponye mwala kapena kukweza ndodo, boma lisowa codzikanira pamaso pa anthu. Mwezi umodzi wa Ram Sundar unaonetsa Amwenye a ku Transvaal kuti munthu akhoza kulowa m'ndende ndi kuturukamo mutu uli m'mwamba.

Munthu agwa, nkhondo ipitirira

Koma nkhani ya Ram Sundar siinathe bwino. Masiku owerengeka ataturuka, boma linamlamula kuti acoke m'Transvaal, apo ai abwerere m'ndende. Iye anali atalawa kusungulumwa kwa m'cipinda cotseka, ndipo mtima wace unalefuka. Anacoka ku Germiston kaceteceta nanka ku Natal, osabwereranso ku nkhondoyo. Pambuyo pace kunamveka kuti sanali mphunzitsi weniweni, koma wanchito wa cibalo amene anathawa zaka zace zisanathe. Anthu amene anambveka maluwa anagwidwa ndi manyazi, ndipo Gandhi anamdzudzula ndi mau owawa m'nyuzipepala yace.

Patapita zaka zambiri, polemba buku la mbiri ya nkhondo ya Amwenye a ku South Africa, Gandhi anaiganiziranso nkhaniyi mofatsa. Anati kukhala wacibalo si cinthu ca manyazi, ndi kuti ngakhale munthuyo anali wofooka, nchito imene kumangidwa kwace kunagwira siinafafanizike, pakuti amene analimba mtima pomuona iye sanathawe pamene iye anathawa. Ici ndi coonadi cimene mbiri yotsatira inatsimikiza. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Momwemonso mutu umodzi ukacoka, denga siligwa ngati ena aligwira.

Pa 10 January, 1908, Gandhi mwini analamulidwa kukhala m'ndende miyezi iwiri, ndipo pakutha pa mweziwo Amwenye oposa 150 anali atamtsata. Masiku omwewo njirayi inalandira dzina lace. Mbale wace Maganlal Gandhi anapereka liu lina kupyolera m'nyuzipepala ija, ndipo Gandhi analikonza kuti likhale satyagraha: satya ndiye coonadi, agraha ndiko kugwiritsa. Tanthauzo lace ndilo kuumirira pa coonadi, kukana lamulo loipa poyera, ndi kulandira cilango cace popanda kubwezera.

Smuts anapangana ndi Gandhi kuti Amwenye alembetse mwa kufuna kwao. Gandhi anamva kuti pamenepo lamulolo lidzacotsedwa, koma silinacotsedwe. Tsono pa 16 August, 1908, pabwalo la mzikiti wa Hamidia ku Johannesburg, Amwenye anaponya zitupa zoposa 2,000 mumphika waukuru wacitsulo nazitentha. Nkhondoyo inapitirira zaka zina zisanu. M'caka ca 1913 bwalo lina la milandu linagamula kuti maukwati a Cihindu ndi a Cisilamu sali maukwati pamaso pa lamulo, ndipo akazi analowa nao m'nkhondomo. Anchito a m'migodi ya malasha ya ku Natal analeka nchito cifukwa ca msonkho wa mapaundi atatu umene unali kulipitsidwa kwa omaliza cibalo. Pa 6 November, 1913, Gandhi anatsogolera amuna 2,037, akazi 127 ndi ana 57 kuwoloka malire a Transvaal pa Volksrust popanda cilolezo. Anamgwira katatu m'masiku anai, ndipo khamulo analiimitsa pa Balfour, kum'mwera cakum'mawa kwa migodi ya East Rand, nalibwezera ku Natal m'sitima. Mbiri ya kukwapulidwa kwao inautsa mkwiyo ku India, kotero kuti Bwanamkubwa wa dzikolo, Lord Hardinge, anawaikira kumbuyo poyera. M'caka ca 1914 msonkho uja unacotsedwa ndipo maukwati anabvomerezedwa, ngakhale malamulo ena ambiri a tsankho anatsala.

Njira iwoloka nyanja

Gandhi anafika ku India m'mwezi wa January, 1915. Kumeneko bungwe la Indian National Congress linalipo kuyambira 1885, koma kweni-kweni linali la anthu ophunzira, olemba makalata opempha. Cimene iye anabwera naco ndico cija anaphunzira ku Transvaal: kuti alimi, amalonda ndi akazi, Ahindu ndi Asilamu, akhoza kukana pamodzi popanda zida. Anayamba ndi alimi a ku Champaran m'caka ca 1917. Pa 13 April, 1919, asilikari a General Dyer anaombera khamu lopanda zida ku Amritsar. Boma lomwe linabvomera kuti anafa 379, ndipo Amwenye anati anaposa pamenepo. Zitacitika izi Gandhi analeka kukhulupira Ufumu wa Angerezi, ndipo m'caka ca 1920 anaitana anthu kuti aleke kuthandizana ndi boma: aturuke m'masukulu ace ndi m'mabwalo ace a milandu, ndi kuleka kugula nsaru za ku England.

Pamenepo panaonekanso kufooka kwa anthu, koposa kwa ku Germiston kuja. M'mwezi wa February, 1922, khamu lokwiya linatentha nyumba ya apolisi pa Chauri Chaura, ndipo apolisi 22 anafa. Gandhi anaimitsa nkhondo yonse, ngakhale anzace ambiri anamdandaula, pakuti anati njirayi siingayende pamodzi ndi mwazi. M'caka ca 1930 anaiyambanso ndi cinthu cimene nyumba iri yonse icifuna, ndico mcere, umene boma lokha linali ndi mphamvu ya kuupanga ndi kuukhometsa msonkho. Pa 12 March ananyamuka ku Sabarmati ndi anthu 78, nayenda mailosi ngati 240 kufikira ku nyanja pa Dandi, kumene pa 6 April anatola mcere ndi dzanja lace. M'miyezi yotsatira anthu ngati 60,000 analowa m'ndende. Cimene munthu mmodzi anayamba ku Germiston tsopano cinacitidwa ndi zikwi. M'mwezi wa August, 1942, Congress inauza Angerezi kuti acoke m'India, ndipo atsogoleri ace onse anamangidwa.

Si njira iyi yokha imene inabweretsa ufulu. Analipo ena amene anasankha zida, monga Bhagat Singh, amene anapacikidwa m'caka ca 1931, ndi Subhas Chandra Bose, amene anasonkhanitsa asilikari mothandizana ndi Japan. M'caka ca 1946 amarinyero Acimwenye a m'sitima za nkhondo anaukira akuru ao, ndipo dziko la England linali litasauka ndi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Zonsezi pamodzi zinaonetsa Angerezi kuti sangathenso kudalira kumvera kwa Amwenye. Pa 15 August, 1947, India analandira ufulu, Jawaharlal Nehru nakhala nduna yaikuru. Koma walira mvula walira matope: dzikolo linagawidwa pawiri, Asilamu otsogozedwa ndi Muhammad Ali Jinnah natenga Pakistan, ndipo pa kugawanako anthu mamiliyoni anasamuka ndi zikwi mazana ambiri anaphedwa. Gandhi mwini anaomberedwa ku Delhi pa 30 January, 1948, ndi Mhindu mnzace.

Kubwerera ku Boksburg ndi ku Germiston

Pali cinthu cimodzi cosayenera kucibisa. M'zaka zace za ku South Africa Gandhi anamenyera Amwenye okha. Analemba mau onyoza anthu akuda, nadandaula pamene anamtsekera pamodzi nao m'ndende. Cifukwa ca mau amenewa, m'caka ca 2018 acinyamata ena a ku Blantyre anapita ku bwalo la milandu naimitsa nchito yomanga fano lace mumzindamo. Ram Sundar sanali yekha wofooka m'nkhaniyi. Mtsogoleri yemwe anali ndi khungu m'maso pa za anansi ace.

Koma njirayo inakula kuposa mwini wace, ndipo inabwerera kumene inayambira. Pa 26 June, 1952, bungwe la African National Congress ndi la South African Indian Congress anayamba pamodzi nkhondo yokana malamulo a tsankho. Gulu loyamba la ku Transvaal, anthu ngati 50, linalowa m'lokeshoni ya Boksburg popanda cilolezo. Wolitsogolera anali Mmwenye, Nana Sita, ndipo pakati pao panali Walter Sisulu. Nelson Mandela ndi Yusuf Cachalia anali atapereka kale kalata kwa woweruza wa mudziwo yomuuza cimene cidzacitika. Onse olowawo anagwidwa. Caka cisanathe anthu oposa 8,000 anali atalowa m'ndende m'dziko lonselo.

Ndipo pa 8 December, 1952, gulu lina la akuda, Amwenye ndi Azungu linalowa m'lokeshoni ya Germiston, nalonso popanda cilolezo. Patsogolo pace panali Mzungu dzina lace Patrick Duncan, mwana wa nduna ija imene inabweretsa Lamulo Lakuda m'caka ca 1906, ndipo m'gulu lomwelo munali Manilal Gandhi, mwana wa loya uja amene analikana. Ana a amuna awiri otsutsanawo anagwidwa tsiku limodzi, pa mlandu umodzi, m'mudzi womwewo umene Ram Sundar anaweruzidwiramo zaka 45 zapitazo. Ufulu wa anthu onse a ku South Africa unacedwa kufikira caka ca 1994, ndipo unadzera m'njira zambiri, zina za mtendere ndi zina za mwazi. Koma amene anayenda m'misewu ya Boksburg ndi Germiston m'caka ca 1952 anali kudziwa cimene Amwenye a ku Germiston anaona m'mwezi wa November, 1907, pamene mnzao wofooka uja analowa m'ndende ndi kuturukamo wamoyo: kuti lamulo loipa likhala ndi mphamvu masiku okhawo amene anthu aopa cilango cace.